Musanapatse Mwana Wamng'ono Chidole Chatsopano, Chitani Izi

Sabata silitha ndisanalandire funso ili. Wina amanditumizira chithunzi cha kagalimoto koyaka nyali n'kufunsa kuti, "Amayi, aka kamuyenera wanga wa chaka ndi theka uja?" Wina amabwera chidole chili kale m'katoni, akungofuna ndimuvomereze kuti wagula bwino. Ndakhala zaka zambiri ndikusamalira ana osakwana zaka 5, ndipo funsoli ndaliyankha mpaka kukamwa kuuma. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Timvane kaye pa mawu awiri. Ndikamati chidole sindikunena kamwana kapulasitiki kokha ayi, ndikunena choseweretsa chilichonse: galimoto, mpira, timatabwa tosanja, kachimbalangondo kaubweya. Ndikamati mwana wamng'ono ndikunena makamaka wosakwana zaka 3, amene akagwira chinthu amayamba wachilawa kaye. Mwana wa msinkhu umenewu amafufuza zinthu ndi pakamwa. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa zambiri zimene ndikunena m'munsimu zachokera pamenepo.

1. Yambani mwamuyang'ana mwanayo

Musanapite kogula, tengani tsiku limodzi muone zimene manja ake akuchita masiku ano. Kodi akutola zinthu n'kumaponya m'ndowa, kenako n'kukhuthula, n'kuyambiranso? Kodi akukankha mpando kuzungulira nawo nyumba? Kodi watenga chipeso n'kuchiika kukhutu ngati akuyankha foni? Chidole chabwino ndi chimene chikupitiriza ntchito imene mwana waiyamba kale yekha.

Wa chaka chimodzi amakhutira ndi makapu olowetsana, mpira waukulu, ndi chokankha cholemera kunsi choti sichingamugubuduze. Wa zaka 2 mupatseni timatabwa tosanja, mabuku a masamba okhuthala, makrayoni onenepa, ndi kamwana koti azikagoneka n'kukafunditsa. Akamafika zaka 3 amayamba kukonda zithunzi zoduladula zoti azilumikiza ndiponso zotsanzirira ntchito za akuluakulu.

Ine chidole chimene chimaimba chokha, kuyaka chokha, kuyenda chokha, sindichikonda, ndipo sindibisa. Ntchito yonse chimaigwira chokha, mwana n'kungotsala woonerera. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya madokotala a ana ya JAMA Pediatrics mu 2016, pa ana a miyezi 10 mpaka 16, anapeza kuti makolo amalankhula mawu ochepa kwa ana awo akamasewera ndi zidole zamabatire kusiyana ndi pamene akusewera ndi mabuku kapena timatabwa. N'zomveka. Chidole chikamalankhula, wamkulu amangokhala duu, chonsecho mwana amaphunzira kulankhula poyankhulana ndi munthu.

2. Werengani katoni, ndipo nambala ya zaka muimvetse bwino

Apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Katoni yalembedwa 3+, mwana ali ndi zaka 2, bambo ake n'kunena kuti, "Wangayu ndi wochenjera, amatha kale kuwerenga mpaka 10." N'kutheka kuti ndi wochenjeradi. Koma nambala ija sikuyeza nzeru. Ikuyeza kholingo. Njira ya mpweya ya mwana wa zaka 2 ndi yopapatiza, kaya akhale wanzeru chotani, ndipo alibe mphamvu zotsokomolera chinthu chimene chamutsekera.

Yang'anani chizindikiro cha kankhope kokhumudwa, kali m'kati mwa mzere wofiira wozungulira wokhala ndi mzere wina wodutsa pakati, pambali pake palembedwa 0-3. Tanthauzo lake ndi lakuti chidolecho n'choletsedwa kwa mwana wosakwana miyezi 36. Palibe zokambirana.

Zilembo zina zimene mungazione ndi izi. CE ndi chizindikiro chakuti wopanga akunena kuti watsatira malamulo a ku Ulaya, ndipo EN 71 ndi dzina la miyezo ya zidole ya kumeneko. ASTM F963 ndi miyezo ya ku America, pamene ISO 8124 ndi ya mayiko ambiri pamodzi. Zikakhalapo ndi bwino. Komabe dziwani kuti CE nthawi zambiri amaika ndi wopanga mwiniwake, ndipo wachinyengo akhoza kungosindikiza zilembo ziwirizo popanda kuyeza kalikonse. N'chifukwa chake ndimayang'ananso ngati pali dzina ndi adiresi ya wopanga kapena woitanitsa katunduyo. Chidole chopanda dzina, chopanda msinkhu, chopanda chenjezo, chisiyeni pomwepo. Mukamagula pa intaneti, wogulitsa amene sakuonetsa chithunzi cha zolembedwa pa katoni musamudalire.

3. Pali zinthu zoti zisalowe n'komwe m'nyumba muli mwana wamng'ono

Choyamba ndi chilichonse chokhala ndi kabatire kaphwanthiphwanthi kooneka ngati batani, ngati chotsekera chake chikutseguka ndi chala. Timabatire timeneti timapezeka m'mabuku oimba, m'zidole zoyaka, m'makiyi a galimoto, m'timarimoti. Kotchuka kwambiri ndi kamene kalembedwa CR2032, kotambalala mamilimita 20. Kakakakamira kummero, malovu amachititsa kuti magetsi ake ayambe kuyenda, n'kupanga mankhwala owotcha mnofu, ndipo pa maola 2 okha kummero kumatha kupsa koopsa. Ngakhale batire limene lasiya kuyendetsa chidole limakhala lidakali ndi mphamvu zovulaza. Ku America anachita kukhazikitsa lamulo lake mu 2022, lotchedwa Reese's Law, lokakamiza kuti malo a mabatirewa azikhala ovuta kutsegula.

Chachiwiri ndi timaginito ting'onoting'ono tamphamvu. Mwana akameza tiwiri pa nthawi zosiyana, timakokana tili m'mbali zosiyana za matumbo, n'kupana khungu la matumbo pakati mpaka kuboola.

Chachitatu ndi timikanda tam'madzi, timene timagulitsidwa touma, ting'onoting'ono ngati mutu wa phini, koma tikanyowa timafufuma kwambiri. N'tokongola, n'tofewa, ndipo ambiri amatigula poganiza kuti timathandiza mwana kuphunzira kukhudza zinthu. M'mimba timapitiriza kufufuma mpaka kutseka matumbo, ndipo pa X-ray nthawi zambiri sitioneka bwino.

Mabaluni osapopa ndi zidutswa za baluni lophulika n'zoopsa kwa ana mpaka zaka 8, chifukwa mphira imamatirira pakholingo. Baluni likangophulika, tolani zidutswa zonse nthawi yomweyo, musanachite china chilichonse.

Pa katundu wina wa ana, ndingotchula zitatu. Walker, kampando kamatayala kamene amaikamo mwana wosayamba kuyenda, sikamuphunzitsa kuyenda. Kamangomupatsa liwiro ndi msinkhu wofikira zinthu zotentha, ndipo pa masitepe kamagwa naye. Dziko la Canada linaletsa kugulitsa zimenezi mu 2004. Mikanda ya m'khosi imene amati imachepetsa ululu mano akamamera ikhoza kumupotola khosi kapena kuduka n'kumutsamwitsa, ndipo bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza za imeneyi mu 2018. Timabedi topendekeka ta makanda natonso ayi: kampani ya Fisher-Price inachotsa pamsika mamiliyoni a timabedi totere totchedwa Rock 'n Play mu 2019 makanda ena atamwalira. Khanda ligone chagada, pamalo osalala ndi olimba, popanda chidole chilichonse pambali.

4. Chiyeseni nokha mwana asanachione

Ili ndiye gawo limene ambiri salinena, ndipo ndi limene ndikufuna mukhalepo nthawi. Chidole chikhoza kukhala ndi zilembo zonse zoyenera koma chimene chili m'manja mwanucho n'kukhala kuti chinasokedwa molakwika. Amene angadziwe zimenezi ndi inu nokha, ndipo muyenera kudziwa mwana asanachione. Akangochiona n'kuchikonda, kumulanda kumakhala nkhondo, ndipo makolo ambiri amagonja. Choncho tsegulani katoni usiku, iye atagona.

Yambani ndi kuchotsa zokutira zonse. Thumba lapulasitiki, timawaya tomangira chidole ku katoni, timapulasitiki topachikira mtengo wake, kapaketi ka timibulu toyamwa chinyezi, zonsezo zipite kumene mwana sangafike. Thumba lopyapyala limamatirira kumaso n'kutseka mphuno ndi pakamwa.

Kenako tengani kachubu kakatoni ka pakati pa tishu. Akatswiri oyeza zidole ali ndi kachitini kawo kotambalala mamilimita 31.7, kamene kamaimira kummero kwa mwana wosakwana zaka 3, ndipo chilichonse cholowa chonse m'kachitiniko chimatengedwa kuti chingatsamwitse. Kachubu ka tishu n'kotambalala kuposa pamenepo, ndiye muyezo wanu ukhala wokhwimirapo, zimene zili bwino. Chidutswa chilichonse cha chidolecho chiyeseni. Chikadutsa m'kachubu, si cha mwana wanu. Zozungulira ngati timipira ndi mabulo zimafuna kusamala koposa chifukwa zimatseka njira ya mpweya kuti thi, osasiya mpata. Mpira wa mwana wosakwana zaka 3 ukhale woposa masentimita 4.5.

Tsopano chichiteni chidolecho zimene mwana adzachichite. Musachimvere chisoni. Gwirani diso la kachimbalangondo ndi zala ziwiri, lipotozeni uku ndi uku, kenako likokeni ndi mphamvu zanu zenizeni. Pa miyezo ya ku Ulaya, zidutswa ngati zimenezi amazikoka ndi mphamvu yofanana ndi kupachikapo katundu wa makilogalamu pafupifupi 9, ndiye kukoka kwaulemu sikukuuzani kanthu. Chitani chimodzimodzi ndi mphuno, mabatani, riboni, mchira, matayala a galimoto, ndi kabelu kalikonse. Finyani chidole chansalu m'misoko yake muone ngati thonje kapena timibulu ta m'kati tikusuzumira. Chigwetseni pansi polimba kangapo kuchokera pa msinkhu wa tebulo, pakuti mwana adzachigwetsa kambirimbiri. Chikang'aluka n'kutulutsa nsonga yakuthwa, ndi bwino kuti chang'alukira inu.

Zimenezi ndinaziphunzira movutikira. Tsiku lina tinalandira kagalu kaubweya katsopano, kofewa, ka maso akuda onyezimira. Ndinangokasisita, n'kuona kuti n'kabwino, n'kukaika pamkeka. Patapita mwina theka la ola ndinaona kamtsikana ka miyezi 20 kakhala phee pakona, tsaya lina litatupa pang'ono, kakuyendetsa lilime. Nditayang'ana kagalu kaja ndinapeza kali ndi diso limodzi, pamalo pa linalo pangotsala kaulusi. Ndinagwada, n'kutambasula dzanja langa pansi pa chibwano chake, n'kunena modekha kuti, "Lavula, mwanawe, ndione." Analavula. Diso lija linagwera m'dzanja langa lili lofunda, lamalovu, kumbuyo kwake kuli kamsomali kapulasitiki. Miyendo yanga inanjenjemera mpaka madzulo. Nditakoka diso linatsalalo, linazuka mosavuta ngati batani la malaya akale. Kuyambira tsiku limenelo, kwa ana osakwana zaka 3 ndimangolola zidole zimene maso ake ndi osokedwa ndi ulusi.

Mwaona kuti sindinakuwe. Mukapeza mwana ali ndi kanthu m'kamwa, kukuwa kumamudzidzimutsa, amakoka mpweya, kanthu kaja n'kulowa. Kupisa chala m'kamwa mwake musakuona chimene mukutola kumakankhiranso chinthucho m'kati.

Tipitirize kuyesa. Malo a mabatire akhale omangidwa ndi kamsomali kopota kofuna sikuludiraiva. Yesani kutsegula ndi chikhadabo, yesaninso mutachigwetsa. Chingwe chilichonse chiyezeni: chikatha kuzungulira khosi la mwana, n'chachitali. Miyezo ya ku Ulaya siilola chingwe chotha kukolana choposa masentimita 22 pa zidole za ana osakwana miyezi 18. Chidole chokoka ndi chingwe chachitali chikhale cha nthawi imene inu mulipo, ndipo chisalowe pogona.

Yendetsani chala m'mphepete monse kufufuza pakuthwa, ndiponso m'malo opindika amene angapane kachala. Pakani kansalu koyera konyowa pa penti. Mtundu ukatsalira pa nsalu, udzatsaliranso pa lilime. Penti ina imakhala ndi mtovu, chitsulo chimene chimawononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Mtovu suoneka ndi maso, sununkha, ndipo ngakhale makampani akuluakulu anapezekapo nawo: mu 2007 kampani ya zidole ya Mattel inachotsa pamsika zidole zambirimbiri, zina chifukwa cha penti ya mtovu, zina chifukwa cha maginito ozuka. Choncho chidole chopentedwa chimene wopanga wake sakudziwika, kapena chakale kwambiri chimene penti yake ikusupuka, musachipereke kwa mwana woluma zinthu. Chonunkha mankhwala kwambiri mukangotsegula, nachonso ine ndimachibweza.

Pomaliza, chilizeni pafupi ndi khutu lanu. Kumbukirani kuti mikono ya mwana ndi yaifupi, ndiye chidole chimakhala pafupi ndi mutu wake, ndipo nthawi zina amachigunditsa kukhutu kwenikweniko. Chikakupwetekani inu, iye chimupweteka koposa. Ngati chili ndi pochepetsera mawu, chepetsani. Ngati palibe, chotsani mabatire azisewera nacho chili chete.

Zonsezi zimatenga mphindi 10. Chikalephera pa chimodzi chokha, musachikonze ndi guluu n'kuchipereka. Guluu amagonja ku malovu ndi mano. Chibwezeni, kapena chisungeni kutali kufikira mwana atakula.

5. Mphatso za abale ndi zidole za mkulu wake

Chidole chimene mwagula nokha n'chosavuta kuchikana. Chovuta ndi chimene abwera nacho agogo kapena azakhali, atachikulunga bwino, ali chilili kudikira kuona mdzukulu akusangalala. Landirani ndi manja awiri, thokozani kuchokera pansi pa mtima, kenako nenani zoona: "Agogo, mwatikondweretsa. Koma taonani timatayala iti, akhoza kumeza. Ndimusungira, akakwanitsa zaka 3 mudzamupatse ndinu." Palibe agogo amene amafuna mdzukulu wawo avulale. Chimene chimawawawa ndi kuona mphatso yawo yangosowa popanda mawu. Ndipo ngati mukudziwa kuti tsiku lobadwa layandikira, auzenitu abale zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mwana akufunikira.

Nyumba imene muli wa zaka 6 ndi wa chaka chimodzi imafuna dongosolo lake. Timabuloko ting'onoting'ono ta wamkuluyo ndi toyenera kwa iye, ndipo si chilungamo kumulanda. Ngakhale a kampani ya timabuloko ya LEGO anapanga mtundu wa Duplo, woposa timabuloko tawo ta nthawi zonse kuwirikiza kawiri m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, pofuna ana aang'ono. Wamkuluyo mupatseni bokosi lotseka ndi malo ake, patebulo lalitali kapena m'chipinda chotseka chitseko, ndipo azisewera ndi tizidutswa take pamene mng'ono wake wagona. Mupatseni kachubu ka tishu kaja, mumusonyeze mmene amayezera. Ana a msinkhu umenewu amanyadira kupatsidwa udindo. Koma udindo womaliza ndi wanu: akamaliza, gwadani pansi, tsitsani mutu pa msinkhu wa wokwawa, muyang'ane kunsi kwa mipando. Kumeneko n'kumene tizidutswa timabisala.

6. Perekani zochepa, ndipo khalani naye pansi

Musakhuthule zidole zonse tsiku limodzi. Ofufuza a pa University of Toledo ku America anaona ana a miyezi 18 mpaka 30 akusewera, ulendo wina ndi zidole 4, ulendo wina ndi 16. Zikakhala 4, ana ankakhalitsa pa chidole chimodzi ndipo ankapeza njira zambiri zoseweretsera. Ikani zochepa poonekera, zinazo m'bokosi, n'kumasinthanitsa pakapita sabata kapena awiri. Chakale chikatulukanso amachilandira ngati chatsopano.

Tsiku loyamba khalani naye. Musafulumire kumuonetsa "kaseweredwe koyenera". Muoneni kaye. Mudzadziwa mbali imene akuluma, chimene akukoka, ndi zimene simunaziganizire poyesa paja.

Tabuleti ndi foni ambiri akuziyesa zidole masiku ano. Malangizo a World Health Organization a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Chidole cholumikizika ku intaneti, chokhala ndi maikolofoni kapena kamera, chimafuna funso lina: mawu a mwana wanga akupita kuti? Dziko la Germany linaletsa chidole chotchedwa My Friend Cayla mu 2017 chifukwa chinkatha kugwiritsidwa ntchito kumvetsera mobisa zolankhula za m'nyumba.

7. Bwerezani, ndipo dziwani chochita zikavuta

Chidole chimene chinapambana mayeso chili chatsopano sichikhala choncho mpaka kalekale. Kamodzi pa mwezi, pochapa zidole ndi sopo ndi madzi ofunda, kokaninso maso ndi matayala, finyaninso misoko. Zoseweretsa posamba zokhala ndi kabowo zimasunga madzi n'kuchita nkhungu m'kati, ndiye zifinyeni ziume, ndipo mukaona zakuda zikutuluka zitayeni. Sungani mbali ya katoni imene ili ndi dzina ndi nambala ya chidole, kuti mukamva kuti katundu wina wachotsedwa pamsika chifukwa n'ngoopsa muthe kuyerekeza. Mabatire otha akulungeni ndi tepi mbali zonse ziwiri musanawachotse m'nyumba.

Mwana akatsamwa koma akutsokomola mwamphamvu, mulekeni atsokomole, inu muli pomwepo. Akasiya kutulutsa mawu, kapena milomo ikayamba kusintha mtundu, tumani wina aitane thandizo, inu mumuweramitse n'kumumenya ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Chikapanda kutuluka, kwa woposa chaka chimodzi mumugwire chakumbuyo n'kukankha kasanu pamwamba pa mchombo, molowetsa m'kati ndi m'mwamba. Kwa khanda losakwana chaka pamimba sipakhudzidwa, mumakankha kasanu pakati pa chifuwa. Pitirizani kusinthanitsa. Pemphani namwino akuonetseni zimenezi ndi manja tsiku limene mwapita kusikelo, ndipo aliyense amene amatsala ndi mwanayo aphunzirenso.

Mukakayikira kuti wameza batire, maginito kapena kamkanda kam'madzi, musadikire kuti ayambe kudwala. Poyamba mwana amatha kuoneka bwinobwino, kapena kungochucha dovu, kukana kudya, kusanza pang'ono. Musamusanzitse. Nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala, mutenge chidolecho kapena katoni yake, ndipo mukangofika pakhomo nenani mawu enieniwo: "Ndikuganiza kuti wameza batire, nthawi yakutiyakuti." Ngakhale mutangopeza malo a batire ali pululu osadziwa kumene lapita, pitani.